Wisiki Wopanda Mchira

Lamulungu masana, mbale zitachotsedwa, banja lonse linkakhalabe pa tebulo kudikira tiyi. Bambo ankakhala pafupi ndi zenera, chifukwa ankati mbali ya ku khitchini imanunkha anyezi wa dzana. Anthu a mu msewu wonsewo ankawatchula kuti a Mphuno. Anagwira ntchito yolawa wisiki ndi jini mpaka imvi zinawakuta mutu. Amalonda ankawaitana kuti anene ngati botolo likuyenera mtengo wake, ndipo mawu awo ankatha kulikweza kapena kuligwetsa. Koma palibe amene anawaonapo akudzandira. Ankalawa n'kulavula, n'kubwerera kunyumba ali owongoka ngati mzati.

Mwana wawo wamkulu anali wapolisi wofufuza milandu, ndipo apabanja ankamutchula Sajeni ngakhale akutsuka mapoto. Tsikulo linali lake lopuma. Anakhala atatsamira khoma, akuonerera mng'ono wake akusakasaka m'kabati kanthu koyezera mafuta a keke. Dzanja la mng'onoyo litayandikira shelefu ya pamwamba, Bambo anangotsokomola, dzanjalo n'kubwerera.

Pa shelefupo panali matambula awiri a mimba ngati dzira, kukamwa kopapatiza. Imodzi inali ya Bambo. Inayo inali ya wophunzira wawo wakale, amene tsopano ankalawa zakumwa pa hotela yaikulu ya m'tauniyo, ndipo aliyense ankamutchula Katswiri. Kale ankabwera Lamulungu lililonse, iye ndi Bambo n'kumanunkhiza timabotolo pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Masiku ano sankabweranso, koma Bambo ankapukutabe tambula yakeyo.

Mpando wa mwamuna wa mng'onoyo unali wopanda munthu. Iyeyu anali wosunga katundu pa hotela yomweyo, ndipo anamuitana ku ntchito m'mawa. Chitseko chitatseguka, Sajeni anamva kuti chinachake chasowa asanadziwe n'komwe kuti n'chiyani. Mlamu wakeyo ankamveka asanaoneke, chifukwa cha makiyi a m'chiuno amene ankalira ngati mbuzi ya belu. Lero analowa mwakachetechete.

“Alamu, belu lija mwagulitsa?” anafunsa Sajeni.

Mlamuyo anayesa kuseka koma sizinatheke. Anakhala pansi, n'kufotokoza akuyang'ana shuga. Dzulo madzulo ku hotela kunali kulawa kwa mwezi ndi mwezi, kumene alendo amalipira kuti alawe jini ndi wisiki Katswiri akuwatsogolera. Pomaliza anatulutsa botolo lakale lija, limene mwamuna wa mwini hotela anagula asanamwalire, limene amathira pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso. Katswiri ananena pamaso pa alendo kuti zam'katimo n'zabodza: wina anachotsa wisiki weniweni n'kuthiramo wotchipa. Kiyi wa chipinda chosungiramo anali mmodzi yekha. Mwini hotela anamulanda makiyi onse, ndipo anati mawa m'mawa nkhaniyo ipita ku polisi.

Mng'ono wa Sajeni anakhazika ketulo pansi. “Munthu woti ngakhale mankhwala a chifuwa amafunsa kaye ngati muli mowa?”

“Akuti osamwa ndi amene amagulitsa,” anatero mwamuna wake.

Onse anayang'ana Bambo. Iwo ananena kuti Katswiri akati chinthu n'chabodza ndiye kuti n'chabodzadi, pakuti mphuno imeneyo anaisula okha. Koma anawonjezera kuti mphuno imanena za m'botolo, sinena za munthu.

Sajeni ankadziwa kuti mlandu wa mlamu wake sangaugwire iye. Ankadziwanso anzake a ku ntchito: akapeza kiyi mmodzi ndi munthu mmodzi, safunanso kutopa. Anaimirira n'kuchotsa epuloni.

“Bambo, valani jekete. Tikamwere tiyi ku hotela.”

*

Mwini hotela anali mayi wamasiye, wolankhula pang'onopang'ono ngati akusenza mawu ake pamutu. Anawalandira mu ofesi yake yaing'ono, ndipo ataona a Mphuno anaimirira. Anati ali ndi manyazi, chifukwa ankafuna kuwalandira mwaulemu mwezi wamawa, monga mlendo wamkulu pa kulawa kotsatira, osati m'nkhani ya umbava. Anali atalengeza kale kwa antchito sabata yatha kuti mphunzitsi wa Katswiri akubwera kudzalawa botolo la malemu.

Sajeni anamuuza mosabisa kuti wosunga katunduyo ndi mlamu wake, ndipo kuti wabwera ngati wachibale, osati ngati boma. Mayiyo anagwedeza mutu. Anati mnyamatayo amamukonda, sanasowetsepo ngakhale supuni. Koma kiyi ndi mmodzi. Pa tsiku lolawa mnyamatayo ndi amene amanyamula mabotolo kupita nawo ku chipinda cholawira, alendo akachoka n'kuwabwezera. Nanga iye aloze ndani, mphaka?

Botolo linali pa desiki, litatsala pang'ono kufika theka. Sajeni anapempha kuti Bambo alawe.

Anali asanawaonepo bwinobwino ali pa ntchito. Bambo anayamba anunkhiza tambula yopanda kanthu. Kenako anapinda mkono wa jekete n'kununkhiza khungu lawo pa chigongono, akuti kutsuka mphuno. Atathira pang'ono, anaipendeketsa tambulayo ku zenera, n'kuibweretsa pansi pa mphuno pakamwa pali potseguka pang'ono. Nkhope yawo inamasuka ngati munthu waona mnzake wakale pa msika.

“Mphesa zouma,” anatero motsitsa mawu. “Makoko a lalanje. Kabati yakale ya matabwa. Kautsi kali kumbuyo, kakuchita manyazi. Fungo ndi lake ndithu.”

Mwini hotela anatsegula maso. Bambo anakweza chala kuti adikire. Anadonthezamo madzi, n'kumwa pang'ono, n'kuzunguza m'kamwa. Sanalavule. Anameza, n'kutseka maso.

“Alibe mchira,” anatero.

Anafotokoza kuti wisiki amene wakhala zaka zambiri mu mgolo ukamumeza sachoka msanga. Amatsala kukhosi akulankhulabe, ngati mlendo amene watsazika koma waima pa chipata kupitiriza nkhani. Akatswiri amati umenewo ndi mchira. Uyu akangodutsa pakhosi, basi, wakwera basi wapita. Anati ndi wisiki wamng'ono amene wina wamuveka zovala za agogo ake: kasupuni ka vinyo wotsekemera, ndi kachibenthu ka thabwa lowaula pamoto konyikidwa m'katimo.

Sajeni anadikira kuti Bambo akhazike tambulayo. Anawafunsa ngati mlamu wake angathe kusakaniza zoterezi.

“Mlamu wako sangasiyanitse jini ndi palafini,” anatero Bambo. Anatenga chipewa chawo osayang'ana munthu. “Mundipeza panja. Muno mwatentha.”

Mu ofesimo munali mozizira bwino.

*

Wa pa bala anali mwamuna wonenepa, wa ndevu zometa mwaluso, amene pakamwa pake sipankadziwa tchuthi. Sajeni anamupeza akudula mandimu. Asanafunsidwe n'komwe anayamba kulumbira kuti iye ndi woyera ngati jini, ndipo ngati akufuna kumumanga adikire kaye amalize mandimuwo.

Anafotokoza za dzulo akuchita kutsanzira. Kulawako kunayamba ndi jini. Katswiri anaimirira ndi suti yake yotuwa, tambula m'dzanja, akuuza alendo kuti jini woyamba akununkha nkhalango mvula itangokata, wachiwiri wachuluka mandimu ngati wophika wokwiya, wachitatu ndi sopo wovala tayi, asawononge ndalama zawo. Aliyense ankamununkhiza, kumulawa, kumuzunguza, n'kulavulira m'kachitini. Alendo ankalavulanso, kupatula dokotala wina amene nthawi zonse amaiwala kumene kuli kachitiniko. Kenako mawisiki, chimodzimodzi. Pomaliza botolo la malemu.

“Ndinathira ndekha, mayi, mpaka pa kamzere ka tambula. Bwana uja anainyamula chonchi, kufika pa mphuno, fwii, kamodzi. N'kuikhazika pansi. Akuti, ‘Pepani nonse, uyu si iye.’ M'chipinda monse zii. Dokotala uja n'kuti atameza kale wake, akunyambita milomo.”

Sajeni anafunsa zimene zimachitika ndi zotsala m'matambula. Wa pa balayo anayang'ana kumanzere ndi kumanja, n'kutsitsa mawu. Anati pali kachizolowezi ka antchito kamene abwana amakadziwa koma amakhala ngati sakukadziwa. Alendo akachoka, zotsala zonse amazithira mu jagi imodzi, jini ndi wisiki pamodzi, ndipo jagiyo amaitchula kuti msonkhano. Akaweruka amagawana ku khitchini.

“Koma ya Katswiri dzulo sindinaipititse ku msonkhano ayi. Inali yodzaza mpaka pa kamzere, mmene ndinathirira. Ndinati ameneyu ndikambirana naye pandekha.”

“Ndiye munakambirana zotani?”

“Mayi, ngati limenelo ndi bodza, ndiye kuti choonadi ndakhala ndikuchilemekeza pachabe.”

Sajeni anaseka. Anafunsa ngati ali wotsimikiza kuti Katswiri sanalaweko ngakhale dontho. Munthuyo anapukuta mpeni, n'kunena kuti maso ake amaona mzere, koma za milomo akafunse mayi wotsuka matambula. Ameneyo amadziwa milomo ya tauni yonse.

*

Mayi wotsukayo anali kuseri kwa khitchini, manja ali m'beseni la madzi otentha. Sanatembenuke. Mayankho ake anali aafupi ngati akuwagula.

Matambula olawira satsukidwa ndi sopo, madzi otentha okha, ndipo sapukutidwa. Lamulo la Katswiri. Ake ali ndi kadontho kofiira pansi kuti asasokonezeke ndi a alendo. Inde, dzulo anatsuka onse. A jini anali ndi chidindo cha mlomo, chifukwa bwanayo milomo yake imauma ndipo amadzola mafuta opanda fungo. A wisiki chimodzimodzi. Yomaliza inali ndi mlomo umodzi wokha, waukulu, wa ndevu.

“Wa uyo wa mandimu,” anatero, akuloza ndi chibwano.

Sajeni anatsamira pa chitseko ngati munthu wongocheza, n'kufunsa amene amakonza chipinda cholawira. Mayiyo anati amakonza yekha m'mawa, wosunga katundu n'kubweretsa mabotolo masana. Akatero onse amatuluka.

“Nonse?”

“Timanunkha.”

Ananena mawuwo mopanda kudandaula. Katswiri ankati wina amanunkha sopo, wina anyezi, wina fodya, ndipo fungo likalowa m'chipindamo limakhala pa matambula. Choncho alendo asanafike amadzitsekera yekha ndi mabotolo, kuti mphuno yake ipume. Zakhala choncho kuyambira kale, moti palibe amene amaziganiziranso. Amalowa ndi kachikwama kake, momwe mumakhala fulasiki yachitsulo ya madzi a kwawo, chifukwa akuti a pa mpopi amanunkha mankhwala. Tsiku lina mayiyo anaitenga fulasikiyo kuti aitsuke, bwanayo anamukalipira ngati wagwira mkazi wake.

Sajeni anathokoza n'kuyamba kutuluka. Ali pa chitseko, mayiyo analankhula koyamba osafunsidwa.

“Madzi amabwera nawo. Koma pa tebulo amathira a pa mpopi, a mu jagi yathu.”

*

Bambo anali pa benchi kuseri kwa hotela, pafupi ndi makreti opanda kanthu, chipewa chili pa bondo. Sajeni anakhala pambali pawo. Kwa kanthawi anangoonerera nkhunda zikutola nyenyeswa pa khomo la khitchini.

Sanafune kuwakankha. Anayamba ndi funso laling'ono: iwo aja mu ofesi, akanakhala kuti anangonunkhiza osalawa, akanati chiyani?

“Ndikanati ndi weniweni.”

“Nanga kulawa n'kulavula?”

“Mwina ndikanakayika. Mchira umaoneka bwino ukameza.”

Sajeni anawauza zimene wa pa bala ndi mayi wotsuka ananena: tambula yodzaza mpaka pa kamzere, yopanda mlomo wa mwini wake. Bambo anazunguza chipewa chawo pa bondo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, anaganiza Sajeni, ndipo anawamvera chisoni. Koma kunyumba kunali mng'ono wake amene sanamwe tiyi.

Bambo atayamba kulankhula, ankayang'ana nkhunda zija. Anati vinyo wotsekemera ndi thabwa lowaula ndi nzeru yawo. Ankapangira ophunzira awo ngati mayeso, kuti aphunzire kusakhulupirira mphuno yokha. Ophunzira ena ankalephera n'kukwiya. Katswiri analephera n'kupempha kuti amuonetse mmene amapangira. Anakhala naye pakhonde lija, akuwaula timatabwa pa mbaula, mpaka mnyamatayo anafika popanga bwino kuposa iwo.

“Wa mu ofesi uja sindikanamupanga ine,” anatero. “Wanga amamveka thabwa. Uja ndi wosalala.”

Sajeni anati chimene chinkamuvuta poyamba n'chakuti wakuba aulule yekha kuba kwake. Mwezi ndi mwezi alendo ankamwa bodzalo akuombera m'manja. Chinasintha n'chiyani? Koma yankho analimva mu ofesi muja, kuchokera pakamwa pa mwini hotela.

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono. “Mwezi wamawa,” anatero. “Ankaopa ine.”

“Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Bambo. Anafuna kuti bodza lipezeke inu musanafike, lipezeke ndi iye, kiyi ali m'chiuno mwa munthu wina.”

Koma Sajeni ankadziwa kuti mlomo wosowa pa tambula sungamange munthu. Anzake akanaseka. Anafunsa Bambo ngati chitsulo chimasunga fungo. Iwo anati ayi, chikatsukidwa bwino chimaiwala. Kenako anavala chipewa.

Pa geti panalowa galimoto yaing'ono, ndipo munatuluka munthu wa suti yotuwa, kachikwama kachikopa kali m'dzanja.

*

Katswiri anabwera kudzasankha jini wa ukwati wina wa sabata imeneyo. Anamupeza m'chipinda cholawira atandandalika mabotolo pa nsalu yoyera. Chinali chipinda chopanda maluwa, chopanda makatani, mazenera otseguka. Ataona a Mphuno anasiya zonse, nawagwira dzanja ndi manja awiri, atawerama.

“Aphunzitsi. Bwenzi mutandiuza, ndikanakutengani pa galimoto.”

Anali munthu waulemu, wa mawu ofewa, ndipo Sajeni anakumbukira mmene kale ankamubweretsera mabisiketi. Anati nkhani ya wosunga katundu yamupweteka mtima kwambiri, makamaka podziwa kuti ndi mkamwini wa aphunzitsi ake. Akanakonda kukhala chete, koma ntchito ndi ntchito. Mwini hotela analowa n'kuima pafupi ndi chitseko.

Sajeni anati iye za mowa sadziwa kanthu, angofuna kumvetsa. Anazindikira bwanji?

Katswiri anamwetulira, n'kugunda mphuno yake ndi chala. Anati fungo lokha linamuuza. Sanafunikire n'kulawa komwe.

“Fungo linalakwika pati?” anafunsa Bambo, mofatsa ngati ali pakhonde.

Katswiri anati linali lopyapyala, mphesa zake zosakhwima. Bambo anati n'zodabwitsa, chifukwa iwo analipeza lokwana, mwina ndi ukalamba. Anamufunsa za mchira. Katswiri anati unali waufupi kwambiri, ngati wa mbuzi.

“Munaumva bwanji mchirawo, achimwene,” anafunsa Sajeni, “poti mwangonena kuti simunalawe?”

Katswiri anasuntha botolo limodzi la jini, n'kulibwezera pomwe linali. Anati analawa pambuyo pake. Mwini hotela ananena ali pa chitseko pomwepo kuti botololo analitenga iye m'manja mwake alendo asanatuluke, ndipo lagona mu ofesi yokhoma.

Bambo anakoka mpando n'kukhala. Anati zokambazi zawaumitsa kukhosi, ndipo a pa mpopi sawafuna. “Tandigawireko madzi ako aja, mwana wanga.”

Apa nkhope ya Katswiri inamasuka. Anatsegula kachikwama mofulumira, n'kutulutsa fulasiki, n'kuthira m'tambula. Anali madzi enieni, oyera mbee. Munthuyu anali ataitsuka fulasikiyo.

Bambo sanaigwire tambulayo. Anatambasula dzanja n'kutenga chitsekerero cha fulasiki chimene Katswiri anasiya pa nsalu. Anachitembenuza, n'kutokosa ndi chikhadabo kamphira kozungulira ka m'kati mwake mpaka kanatuluka. Ananunkhiza chigongono chawo. Kenako anakabweretsa kamphirako pansi pa mphuno.

“Ndinakuuza kuti chitsulo chimaiwala,” anatero. “Sindinakuuze kuti mphira siiwala? Kapena tsiku limenelo unali ku chimbudzi?”

Anakapereka kwa mwini hotela. Mayiyo ananunkhiza, ndipo maso ake anadzaza misozi. Anati ndi fungo la jekete la mwamuna wake.

“Madzi a kwanuwa akhalitsa mu mgolo,” anatero Bambo.

Katswiri anakhala pansi. Atalankhula, mawu ake sanali a pamaso pa alendo ayi, anali a mnyamata wa pakhonde uja. Anati sanagulitse ngakhale dontho. Tsiku loyamba anangofuna kumeza kamodzi, amve mchira wonse ali yekha, popanda munthu womufunsa maganizo ake. Mwezi wotsatira anatengako pang'ono kupita nako kunyumba, n'kudzazitsa ndi wake. Kenako wakeyo anachuluka kuposa wa malemu, mpaka wa malemu anatheratu.

“Moyo wanga wonse, aphunzitsi, ndakhala ndikulavula zinthu zimene sindidzatha kugula.”

“Inenso,” anatero Bambo.

Sajeni anafunsa za mlamu wake. Katswiri anati sankaganiza kuti zifika ku polisi. Ankaganiza kuti angomuchotsa ntchito.

“Angomuchotsa ntchito,” anabwereza Sajeni. Sanakweze mawu. Anatulutsa foni n'kuimbira mnzake amene anali pa ntchito tsikulo, n'kumuuza kuti abwere ndi kathumba koikamo umboni, ndipo asadzole mafuta onunkhira.

Mwini hotela anapita ku ofesi n'kubwera ndi mulu wa makiyi. Anafuna kuwapereka kwa Sajeni, koma anasintha maganizo. Anati amene analanda ndi amene amabweza, apita yekha kunyumbako akapepese pamaso pa mkazi wake. Anafunsa a Mphuno ngati adzabwerebe mwezi wamawa, ngakhale botolo la malemu kulibenso.

Bambo anati adzaona. Potuluka anaima kumbuyo kwa Katswiri, dzanja lawo n'kukwera ngati likufuna kutera pa phewa lake. Linakhala m'malere pang'ono, kenako linapita ku chipewa.

*

M'mawa mwake Sajeni anadzutsidwa ndi belu la mbuzi. Mlamu wake ankayendayenda m'khonde, kufunafuna nsapato imene anali atavala kale, makiyi akulira m'chiuno. Sajeni anamuuza kuti achepetse phokoso, anthu ena anagwira ntchito dzulo ngakhale linali Lamulungu. Mlamuyo anati adzamugulira mphatso. Sajeni anati chilichonse, bola chisachokere mu jagi ya msonkhano.

Bambo anali kale pa mpando wawo wa pa zenera. Sanadye chamadzulo dzulo lake, ndipo palibe amene anawakakamiza. Tsopano ankanunkhiza tiyi wawo, n'kunena kuti masambawa anakhala pafupi ndi sopo ku golosale.

Keke ya dzulo ija sinaphikidwe, ndiye mng'ono wa Sajeni anaiyambanso. Ufa unali m'mbale, mazira ataswedwa. Anatsegula kabati, akudandaula kuti m'nyumba yodzaza anthu akuluakulu mulibe kanthu koyezera mafuta.

Bambo anaimirira. Anafika pa shelefu ya pamwamba, n'kutsitsa tambula ya Katswiri ija. Anainunkhiza m'kati, monga mwa chizolowezi chawo, n'kuipereka kwa mwana wawoyo.

“Bambo, imeneyi si ya…”

“Mpaka pa kamzere,” anatero. “Ukamaliza utsuke ndi sopo.”